M'mawa Umene Ndinauza ba Chileshe Kuti “Nili Pafupi”

Ana anga, ndiyambe ndi kupepesa chifukwa chogwira ntchito ya anthu ophunzira. Sukulu yanga inathera Giredi 7 kumudzi ku Chadiza, ndipo kuchokera pamenepo chimene ndakhala ndikulemba ndi dzina langa lokha, pa laisensi ndi pa mapepala a apolisi apamsewu. Mukapeza mawu opindika, muwongole mumtima, musandiseke kwambiri. Ndikulemba chifukwa mumakonda kundifunsa kuti chabwino n'chiti, takisi yathu yakale ya pa ranki kapena galimoto zoitana pa foni zimene mumakwera masiku ano. Ndimakuyankhani moseka kuti zonse zili ndi matayala anayi. Ndimathawa funsolo. Ndinagwira ntchito zonse ziwiri, ndipo pali munthu mmodzi amene ndinamulakwira ndi zonse ziwiri m'mawa umodzi. Amayi anu nkhaniyi amaidziwa. Inu simuidziwa.

1989 mpaka 2002

Ndinafika mu Lusaka mu 1989 ndi thumba limodzi, n'kukhala kwa amalume ku Mtendere. Ntchito yanga yoyamba inali yotsuka matakisi pa ranki ya pafupi ndi msika. Ndinali wamanyazi kwambiri moti munthu akandilankhula ndinkayang'ana nsapato zake, ndipo chilichonse chimene andiuza ndinkati “inde”. Madalaivala ananditcha Inde-inde. Wapampando wa rankiyo, ba Simukonda, anali ndi matakisi awiri. Anaona kuti ndikatsuka galimoto ndimabweza chilichonse chimene ndapeza pansi pa mipando, ngakhale chipeso, ndipo anayamba kundiphunzitsa kuyendetsa Lamlungu masana pa bwalo la mpira. Mu 1994 ndinatenga laisensi, ndipo anandipatsa takisi yawo yakale yabuluu imene chitseko chake chakumbuyo chinkatsekedwa ndi waya.

Pa ranki panali malamulo ake. Unkadikira nthawi yako pamzere, ndipo wodumpha mzere ankamulanda makiyi mpaka madzulo. Mtengo unkakambidwa pawindo. Anzanga ankayang'ana kavalidwe ka munthu asanatchule mtengo, koma ine kukangana sindinkatha, munthu akangoti “chepetsaniko” ndinkachepetsa, ndipo ba Simukonda ankagwira mutu. Mafuta akasowa tinkakhala pamzere wa pa filingi sitesheni theka la tsiku, tikukankha galimoto ndi manja kuti tisawononge otsalawo. Zipangizo zikasowa tinkakasaka kwa ogwetsa magalimoto akale. Koma chuma chathu chenicheni chinali m'mutu. Mu komboni nyumba siifunidwa ndi nambala. Munthu ankangoti, “pa chigayo mukhote, mupite tchalitchi cha malata, geti ya gilini,” ndipo unkafika. Nthawi ya mvula ndinkadziwa kuti ku Kanyama ndi njira iti imene madzi safika pa injini.

Mafoni am'manja atabwera, makasitomala anayamba kutiitana osabwera pa ranki. Tsiku lina ba Simukonda anandimva ndikuuza mayi wina kuti ndili kutali, ku Matero. Anandilanda foni m'manja.

“Iwe Inde-inde, uzafa njala,” anatero. “Kasitomala akatuma foni, siukamba ati nili kutali. Olo uli ku Kafue, ukamba ati nili pafupi. Ukakamba vazoona azakwela inangu.”

“Nanga nikachedwa, ba Chairman?”

“Ukamba ati jamu, mamotoka yapanikizana pa msewu. Lusaka yonse iziba jamu.”

Ndinati “inde”. Mawu awiriwo anandikomera kuposa mmene anakomera wina aliyense pa ranki, chifukwa anandipulumutsa ku chinthu chimene ndinkachiopa kuyambira ubwana: kumva munthu akukhumudwa nane. Ukanena kuti uli pafupi, munthu amasangalala pomwepo. Kukhumudwa kwake kumabwera pambuyo pake, iwe kulibe.

2003 mpaka 2021

Ba Chileshe ndinawadziwa mu 2003. Anali Mbemba wa ku Kasama, kalaliki wopuma ntchito, wamtali, wokonda jekete ngakhale kutenthe. Anakwera takisi yanga pa ranki, ndipo atangomva kalankhulidwe kanga anaseka.

“Awe, naona lelo! Wakum'mawa pa sitelingi? Mukaona mbeba pa msewu musaimilile, mukwai, nili na changu.”

Inu mukudziwa chimbuya chathu ndi Abemba, iwo amatinyoza kuti timadya mbewa, ife timawabwezera kuti amadya anyani, akolwe m'chilankhulo chawo, ndipo palibe wokwiya. Koma ine ndinali ndisanayesepo kubwezera munthu wamkulu. Ndinayenda mpaka pa maloboti, kenako ndinati motsitsa mawu, “Ba tate, ngati mwanyamula kolwe mu chola, tiike ku buti.” Anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira tsiku limenelo sanakwerenso takisi ya munthu wina.

Anali ndi matenda a shuga, choncho mwezi uliwonse ndinkawatengera ku chipatala. Nyumba yawo inali mkati mwa Mtendere, kanjira kopapatiza kochokera pa chigayo, ndipo ine ndinkalowa mpaka pakhomo penipeni. Akazi awo atamwalira, ndi galimoto yanga imene inanyamula nkhata. Nditamanga nyumba yathu ino ku George, kutsidya lina la mzinda, n'kugula kagalimoto kangakanga, sanandisiye. Kwa iwo ndinkasamala, ndinkafika nthawi isanakwane, ndipo mawu a ba Simukonda aja sindinawagwiritsepo ntchito kwa iwo ngakhale kamodzi. Ankanyadira zimenezi. Ankauza anthu a kutchalitchi kwawo kuti, “Ba Mvula banga bakakamba sikisi, ni sikisi.”

Kenako ng'ala inayamba kuphimba maso awo. Poyamba ankalephera kuwerenga, kenako ankandizindikira ndi mawu okha. Amene ankawasamalira anali mwana wawo wamkazi, Bwalya, mayi wa ana atatu wogulitsa salaula, zovala zakaunjika, pa msika. Ndinkawagwira mkono ba Chileshe kuchokera pa mpando wawo mpaka m'galimoto, ndipo ankati, “Pang'onopang'ono, wa mbeba, ine sindine thumba ya chimanga.”

2022

Chaka chimenechi ranki inayamba kuuma. Unkakhala pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, ukuona anthu ataimirira pafupi nawe maso ali pa foni, kenako galimoto yopanda chizindikiro n'kubwera kudzawatola. Pa ranki tinkawatukwana madalaivala amenewo, ndipo tinapangana kuti aliyense wolowa apu, pulogalamu ya pa foni yoitanira galimoto ija, achoke pamzere. Ine ndinakweza nawo dzanja. Patapita miyezi iwiri ndinakalembetsa mwakachetechete, n'kugula foni yachiwiri imene ndinkaibisa m'kabokosi kakutsogolo ndikafika pa ranki.

Ndinene chilungamo, apu inali ndi ubwino wake, makamaka kwa munthu ngati ine. Panalibe kukangana pawindo, mtengo unkabwera wolembedwa kale. Panalibe mzere. Wokwera ankaona nkhope yanga, nambala ya galimoto, ndi kagalimoto kakang'ono kakuyenda pa mapu, choncho mayi wokwera yekha sankachita mantha. Koma mapuwo makomboni sankawadziwa, ankakuimika pamsewu waukulu n'kunena kuti wafika, ndipo wodwala kapena wokalamba ankayenera kudzikoka yekha mpaka pamenepo. Apu sinkadziwa amene ali ndi shuga, sinkadziwa amene anaferedwa. Ndipo inali ndi ukali umene ba Simukonda analibe. Ulendo ukalira pa foni unali ndi kanthawi kochepa koti uvomere. Ukakana, mbiri yako inkatsika ndipo maulendo ankachepa. Wokwera akatsika ankakupatsa nyenyezi. Ana anga, bambo anu wa imvi ankaima m'mbali mwa msewu kuyang'ana nyenyezi zake ngati mwana wa sukulu amene akudikira kope kwa aphunzitsi. Ndinali ndisanakanepo ulendo ngakhale umodzi. Inde-inde anali atapeza bwana woti azimuvomera tsiku lonse.

Tsiku lina tikuchokera ku chipatala, ba Chileshe anandifunsa, “Ba Mvula, na imwe mwangena vija va pa foni? Bwalya akamba ati ni vochipa, ati tiziseŵenzesa.”

Ndinaona kuti akufuna kumva “ayi”, choncho ndinawapatsa “ayi”. “Ine, ba tate? Vija ni va banyamata.”

“Ehe! Nenze namuuza. Ine foni siinganigwile kwanja.”

15 Juni 2023

Kumayambiriro kwa mwezi umenewo ba Chileshe anandiimbira ali ndi chimwemwe. Madokotala a maso ochokera kunja anali kubwera pa chipatala china kwa masiku ochepa kudzachotsa ng'ala, ndipo dzina lawo linali pa mndandanda wa Lachinayi. Anawauza kuti afike hafu seveni isanakwane, wochedwa malo ake apatsidwa kwa wina, popeza odikira anali ambiri. Tinapangana kuti ndifike kwawo sikisi. “Nizakuonani nkhope, wa mbeba,” anatero. “Nifuna nione ngati mukali boipa monga kudala.”

Ndinanyamuka ku George cha m'ma faifi, kukuzizira kwambiri. Nthawi inalipo yambiri. Ndili pa Matero ndinaganiza kuti m'malo moyenda wopanda munthu mpaka ku Mtendere, ndiyatse apu, mwina ndipeze wopita chakomweko. Ndinapeza mayi wopita m'tauni. Ndisanamutsitse, foni inaliranso, ndipo chala changa chinavomera chokha monga chinazolowera. Bambo amene ndinamutola atakhala pansi, m'pamene ndinaona kuti akupita ku Chawama, kutali ndi njira ya ku Mtendere. Ndikanatha kumupepesa kuti atsike. Ndinamuyang'ana pagalasi, atanyamula zida zake za ntchito, ndipo ndinangokhotera njira ya ku Chawama.

Sikisi itangopitirira, foni yanga yakale inalira. “Ba Mvula, muli kuti?”

“Nili pafupi, ba tate.”

Mawuwo anatuluka mosavuta ngati mpweya. Ku Chawama ndinatsitsa bamboyo mkati mwenimweni, ndipo potuluka ndinapeza msewu utadzaza kale ndi maminibasi. Foni ya apu inaliranso. Ndinadziuza kuti wina ameneyu mwina akupita kum'mawa kwa mzinda, ndipo zinalidi choncho, ankapita ku Kalingalinga, koma anandidikiritsa pa geti akumaliza kuvala. Ba Chileshe anaimbanso kawiri. Kachiwiri ndinati ndili pafupi. Kachitatu ndinati jamu.

Zimene zinkachitika kwawo ndinazimva pambuyo pake. Bwalya ankawachonderera kuti aitane galimoto ya pa foni, kapena akwere minibasi nthawi ikadalipo. Iwo anakana. Anakhala pampando atavala jekete, kadi ya chipatala ili m'manja, akunena kuti zaka makumi awiri ba Mvula sanawanamizepo, ndipo kukwera galimoto ina pamene munthu ali pakona n'kumunyoza. Seveni itadutsa, Bwalya anasiya kuwafunsa. Anaitana galimoto pa apu, n'kuwakoka dzanja kupita nawo pa chigayo, popeza mapu sankafika kunyumba kwawo.

Ine ndinali nditangotsitsa munthu uja ku Kalingalinga. Apa ndi pamene pamandivuta kulemba. Ndinali mfulu tsopano, Mtendere ili pafupi zenizeni. Foni ya apu inalira: Precious, pa chigayo, Mtendere. Sindinadziwe kuti Precious ndi dzina la kusukulu la Bwalya. Ndinaganiza kuti popeza ndikupita komweko, ndimutole munthuyo, ndimupemphe kuti tidutse kaye kwa mkulu wina wodwala. Ngakhale pa nthawi imeneyo, ndikudziwa kuti munthu akudikira maso ake, sindinathe kuikana foni. Ndinavomera.

Nditafika pa chigayo ndinawaona. Ba Chileshe anali ataimirira m'fumbi m'mphepete mwa msewu, akunjenjemera ndi chisanu, dzanja lili paphewa la mwana wawo. Bwalya anali atagwira foni, ndipo pa foniyo panali nkhope yanga. Anali ataiona kuyambira pamene ndinavomera, anali ataona kagalimoto kanga kakuchokera ku Kalingalinga. Anandiyang'ana. Anangotsegula chitseko n'kuwalowetsa bambo ake.

“Ni ndani?” anafunsa ba Chileshe.

“Ni ba Mvula, daddy.”

“Waona? Nenze nakuuza ati bazabwela.”

Tinafika ku chipatala hafu eyiti. Nesi anatilandira mwaulemu, n'kutionetsa mndandanda, malo awo anali atapatsidwa kale kwa wina, ndipo masiku otsalawo anali odzaza. Ba Chileshe anangogwedeza mutu n'kubweza kadi m'thumba. Titafika kwawo anandigwira dzanja n'kundithokoza m'Chibemba kuti, “Natotela, ba Mvula. Jamu si mulandu wanu.”

Julayi mpaka Okutobala 2023

Ndinapitiriza kuwatenga mwezi uliwonse. Ndinkafika ola lathunthu nthawi isanakwane n'kukhala m'galimoto panja. Bwalya ankandipatsa moni wa pakamwa pokha, ndipo ndinazindikira kuti sanawauze bambo ake zimene anaona pa foni ija. Achipatala anawapatsa ba Chileshe tsiku lina la opareshoni mu Seputembala, koma litafika anapeza shuga yakwera kwambiri, anati adikire. Kenako dokotala anati mkati mwa maso mwawonongeka, kuchotsa ng'ala sikungathandizenso. Ndafunsa anthu ambiri ngati akanaona akanachitidwa opareshoni mu Juni. Ena amati mwina, ena amati ayi. Palibe amene anganditsimikizire, ndipo sindikufuna kudzitonthoza ndi “ayi” ameneyo.

Chimene chinkandidya kwambiri chinali ulemu wawo. Ankandithokoza pokwera ndi potsika. Ankanditchula “ba Mvula” bwinobwino. Za mbewa zinatha. Ine ndinkaganiza kuti ndi chisoni cha maso.

Amayi anu ndi amene anandiuza kuti ndikuonda ndi chinthu chimene chingathe ndi pakamwa. Ndinakonzekera mawu kwa milungu itatu. Tsiku la chipatala la mu Okutobala, pobwerera, tili awiriwiri, ndinaimika galimoto pansi pa mtengo pafupi ndi chigayo chomwecho, n'kuzimitsa injini. Ndinawauza zonse, za foni yachiwiri, za Matero, za Chawama, za Precious. Ndinalankhula ndikuyang'ana sitelingi, ngakhale munthuyo sakanatha kundiona.

Nditamaliza, ba Chileshe anatembenukira kwa ine. Kenako anati, “Ba Mvula, ine maso yanafa, koma matu yaliko. Pamene munaimilila pa chigayo, foni ya Bwalya inalila, na yanu inalila. Mu njila kamukazi ka mu foni kenze kukuuzani pokhotela. Imwe, kuuziwa njila ya ku chipatala?”

“Munaziba, ba tate?”

“Siku yamene ija. Nenze kuyembekeza chabe ati muzakamba liti.” Anapukuta maso ndi mpango. “Kungena vija va pa foni si mulandu, muli na bana. Kuchedwa si mulandu. Koma sembe munaniuza chabe ati nili ku Chawama. Mawu yatatu. Sembe nakwela basi, mune. Nenze na nthawi.”

Ndinati ndiwapititse pakhomo, ndipo anavomera. Nditawagwira mkono kuti nditsike nawo, anachotsa dzanja langa mofatsa, n'kuitana Bwalya.

Mwezi wotsatira sanaimbe. Ndinamva kwa anthu a pa msika kuti Bwalya amawaitanira galimoto pa apu, ndipo amayenda nawo pang'onopang'ono mpaka pa chigayo. Tsiku lina ndinawaona ndi maso anga ataimirira pamenepo, ndipo ndinakhota njira ina ngati wakuba.

2024

Mu Januwale ndinagulitsa galimoto. Ndinakuuzani kuti ndi msana, ndipo msana unkawawadi, koma sunali wokha. Foni ya apu ndinaifufuta n'kuipereka kwa amayi anu. Ndinapitanso pa ranki kukauza anzanga otsala kuti ndinaphwanya pangano lathu kwa chaka ndi theka. Anaseka, theka la iwo linali ndi foni yachiwiri m'kabokosi. Kuseka kwawo sikunandipepuze.

Tsopano funso lanu lija. Apu simadziwa munthu, koma simanama za pamene galimoto ili. Takisi yakale inkadziwa munthu mpaka pakhomo pake, ndipo chifukwa cha chimenecho munthu ankaikhulupirira mopanda mapu. Ba Chileshe akanakhala kuti sankandikhulupirira, akanafika ku chipatala nthawi yabwino. Kwerani imene mukufuna. Koma wina akadzakufunsani kuti muli pati, muuzeni malo ake.

Miyezi isanu inadutsa chichokereni tsiku lija la pansi pa mtengo. M'mawa wina ndikukonza mpanda kuseri kwa nyumba, foni yanga yakale inalira. Nditaona dzina la ba Chileshe, ndinaiyankha msanga.

“Ba Mvula, muli kuti?”

Mawu akale aja anafika mpaka pa lilime, ndinawamva. Ndinawameza.

“Nili kutali, ba tate. Nili ku George, ku nyumba. Motoka ninagulisa. Kuti nifike kwanu ni mabasi yabili, kapena maawazi yabili na jamu.”

Kenako ndinamva kutsokomola kuja kumene kumabwera akamaseka.

“Kwelani yamene ayo mabasi. Ine nilibe kwamene niyenda. Bwalya agula nkhuku, nifuna muone vamene banthu bamadya. Musabwele na mbeba mu thumba.”

Ndinasiya mpanda uli pakati, ndinavala jekete, ndipo ndinakwera minibasi ya ku tauni, kenako ya ku Mtendere. Ndinatsika pa chigayo n'kuyenda wapansi kanjira kamene ndinkalowa ndi galimoto zaka makumi awiri. Bwalya anatsegula geti, ndipo anati, “Ngenani, ba tate, bakuyembekezani.” Mkuluyo anali pampando wake pakhonde. Anatambasula dzanja m'mwamba, chakumbali pang'ono kwa pamene ndinaima, ndipo ine ndinasuntha kuti alipeze langa.

Linali Lachinayi, pa 14 Malichi 2024.